Za had, ndi pepala limene ndinakana kusaina

Achemwali ena amene amasamalira agogo achizungu ku Randburg, kuno ku Johannesburg, anditumizira imelo. Tsiku ndi tsiku amalemba m'kabuku zimene agogowo adya, mankhwala amene amwa ndi nthawi imene agona. Tsono mwana wa agogowo wadandaula kuti m'kabukumo had, liwu lija la Chingerezi, ali ponseponse, koma tsiku limene ankafunikadi sanaonekemo. Achemwaliwo analemba kuti "When the nurse came, Gogo ate", adokotala powerenga n'kumva kuti magazi oyeza shuga anatengedwa agogo ali ndi njala, chonsecho anali atamaliza mbale yonse ya phala. Funso la achemwali n'lakuti had ameneyu amalowa pati, nanga amasiyidwa pati?

Achemwali, yankho lilipo ndipo si lalitali. Koma mwandifukulira nkhani imene ndinali nditaikwirira, ndiye mupirire, tidzere kukhitchini kaye.

Mu 2023, chaka chija magetsi ankazima kawiri katatu pa tsiku, ndinkagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina cha ku Fourways. Ine ndinali wotsegula. Ndinkadzuka kukadali mdima ku Diepsloot, kukwera taxi yoyamba, kufika 6 koloko isanakwane, kulandira masamba kwa anyamata a galimoto yochokera ku msika wa City Deep, kenako kuona kuzizira kwa cold room n'kulemba pa pepala lopachikidwa pachitseko. Cold room ndi firiji yoti munthu amalowamo ndi thupi lonse. Yathu inkasunga nyama ya sabata yathunthu, ndipo sinkayenera kupitirira madigiri 5.

Lolemba lina ndinangotsegula chitseko chakumbuyo, fungo n'kundichingamira. Silinali fungo la nyama yoola kale ayi, linali lija lotsekemera moipa, la nkhuku imene yangoyamba kutembenuka. Pansi panali madzi ofiirira atayenderera kuchokera kunsi kwa chitseko cha cold room mpaka ku sinki. Injini yake, imene masiku onse inkalira mpaka munthu kuiwala kuti ikulira, inali zii. Nditalowa ndinapeza makatoni a nkhuku atafewa, oti ukanyamula, pansi pake pakutsalira pa shelefu, ndipo kagalasi ka pakhoma kankaonetsa 16. Ndinathamangira pa bokosi la magetsi, ndinapeza switch ya cold room ili pansi. Magetsi anali atabwera usiku ndi mphamvu, iyo n'kugwa, popanda munthu woikweza. Ndinaikweza, injini inatsokomola n'kuyamba kulira, ine n'kuimbira manijala.

Madzulo ake anandiitanira ku ofesi. Wachiwiri kwa manijala, mayi woti Chingerezi anachita kuyamwa, anati ndifotokoze zonse iye azilemba pa kompyuta, kuti mwini lesitilanti ndi a inshuwalansi akawerenge. Ndinafotokoza bwinobwino kuyambira pa fungo lija. Anasindikiza, n'kundipatsa pepala pamodzi ndi cholembera chovundukula kale. Pepalalo linkati:

"When I arrived, the cold room tripped. I opened the door and the meat got warm. I then phoned the manager."

Werenganinso kachiwiri, achemwali. Palibe bodza limene mungaliloze ndi chala. Zonse zimene ndinanena zilimo: kufika, kugwa kwa switch, chitseko, nyama, foni. Koma kayalidwe kake kakuti ine ndinafika, kenako switch inagwa, kenako ndinatsegula chitseko, nyama n'kuyamba kutentha. Aliyense wowerenga zimenezo aona munthu amene anapeza zinthu zili bwino n'kuziwononga ndi manja ake. Chingerezi chikandandalika aneni a past simple, monga arrived, tripped ndi opened, wowerenga amatenga kuti zinthu zinachitika mmene zalembedwera, choyamba poyamba, chachiwiri pambuyo pake. Ukafuna kumuuza kuti ayi, ichi chinali chitachitika kale ine ndisanafike, njira yake ndi had.

Ndinabweza cholembera chija. Ndinati chiganizo choyamba chikhale "When I arrived, the cold room had already tripped", ndipo za nyama zikhale "the meat had got warm during the night". Anaseka, amvekere n'chimodzimodzi, usavutike ndi galamala, ino si sukulu. Ine ndinati ngati n'chimodzimodzi, ndiye sipavuta kuwonjezera. Tinangokhala duu, kuyang'anana. Mtima unkagunda kwambiri, chifukwa permit yanga inali pafupi kutha, ndipo inu mukudziwa kuti munthu wa permit yotsala pang'ono sakweza mawu mu ofesi ya abwana. Koma ndinkadziwanso khomo limene siginecha ija ikanatsegula. Lamulo la kuno la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limalola bwana kudula malipiro chifukwa cha katundu wowonongeka pokhapokha kulakwa kukhale kwa wantchitoyo, apatsidwe mpata wonena mbali yake, ndiponso avomere molemba. Zikatero akhoza kumadula, koma osapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro. Pepala lija linali kale kuvomera kuti wolakwa ndine. Nyama ya sabata yathunthu, kumadula kota mwezi ndi mwezi, ndikanaigwirira ntchito mpaka ana anga kumudzi atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi.

Analemba ma had awiri aja mokwiya, mabatani a kompyuta akuchita kulira. Ndinawerenganso, ndinasaina. Nyama inatayidwa, amisiri a magetsi anabwera kudzakonza bokosi lija, ine ndinapitiriza ntchito mpaka tsiku limene ndinachoka ndekha.

Masiku amenewo ndinkati mwina mayi uja anangofulumira polemba. Pano ndikukana. Munthu wokulira m'Chingerezi akhoza kuphonya sipelo, akhoza kuiwala mpumiro, koma sataya had mwangozi pamalo pomwe had yemweyo ndiye akunena wolakwa. Iyeyo atabwerera kunyumba n'kupeza galu atathawa, sangauze mwamuna wake kuti "When I came home, the dog ran away", chifukwa mwamunayo angafunse kuti nanga bwanji sunatseke geti. Khutu lake lingakane lokha asanamalize chiganizo. Ankadziwa zimene ankalemba. Ankangoyembekezera kuti mnyamata wa ku Malawi wotsuka mapoto sazindikira.

Amene anandipulumutsa tsiku limenelo anatisiya kalekale. Anali aphunzitsi athu a Chingerezi a Fomu 2 pa sekondale ina yoyendera ku Ntcheu. Bambo aja sankayamba ndi mayina a ma tense. Ankajambula mzere wautali pa bolodi, uku basi ya ku Blantyre, uku kamunthu kali ndi thumba la kachewere pamutu. Basi yadutsa 7 koloko, kamunthu kafika pamsewu hafu pasiti 7. Ndiye ankatsitsa mawu n'kufunsa m'Chichewa:

"Wafika pamsewu, wapeza chiyani?"

Ife tonse, "Basi itapita!"

"Nenani chiganizo chonse."

"Nditafika, basi inali itapita."

"Eya. Inali itapita wanuyo ndiye had gone. Nanga ndikati nditafika basi inapita?"

"Ndiye kuti munaiona ikunyamuka, sala."

"Basi, tsekani makope."

Ankatsitsa mawu chifukwa pasukulupo kulankhula Chichewa m'kalasi unali mlandu wokatchetcha udzu, ndipo lamulolo silinkasiya ngakhale mphunzitsi. Apa ndiye pamene mtima wanga umawira. Kusukulu anatiuza kuti Chingerezi chili ndi ma tense 12, tizilemba pa tchati n'kuloweza, ngati kuti ife m'kamwa mwathu mulibe ngakhale imodzi. Chonsecho mwana wa zaka zisanu ku Ntcheu amanena kuti "ndinapeza amayi atapita kuchigayo" osaphonya, ndipo palibe anamuphunzitsa tchati. Past perfect, tense ya had imeneyi, tili nayo yathu, timainena tsiku lililonse. Tili nayo yokana: anali asanadye, imene m'Chingerezi ndi "she had not eaten yet". Tili nayo yodandaula: akuluakulu aja amati ndikanadziwa ndikanaphika therere, ndipo ndikanadziwa ameneyo ndi "If I had known" wopanda kuchotsera kapena kuwonjezera. Zimene mabuku amazitcha third conditional, zimene zimazunguza ana a Fomu 4 mutu, ndi zomwe agogo athu amanena pamaliro aliwonse: akanapita naye kuchipatala msanga, bwenzi ali moyo. "If they had taken him to hospital early, he would have lived." Mwana woletsedwa kuganiza m'chinenero chake amaloweza zimenezi chaka chathunthu. Mwana wololedwa amazimva tsiku limodzi. Ine aphunzitsi amene amalanga ana chifukwa cha Chichewa sindiwamvera chisoni konse, kaya anali ndi zolinga zabwino zotani. Anatilanda makwerero n'kumatikalipira kuti tikulephera kukwera.

Had si wa kalekale

Komatu vuto lalikulu la ife a ku Malawi si kusowa had. Ndi kumuthira paliponse, ndipo kabuku kanu kachita zomwezo. Gwero lake ndikuliona bwino. Chichewa chimasiyanitsa za pompano ndi za kale: ndadya ndi za lero lino, ndinadya ndi za dzulo, dzana kapena chaka chatha. Ndiye munthu akamva kuti Chingerezi chili ndi went komanso had gone, amangogawa yekha kuti went ndi wa posachedwa, had gone ndi wa makedzana. Ayi ndithu. Chingerezi sichifunsa kuti papita nthawi yaitali bwanji. Golide amene anamanga mzinda uno anapezeka ku Langlaagte mu 1886, koma chiganizo chake ndi "Gold was found in 1886", had mulibe. "Malawi became independent in 1964", basi, chatha. Had amabwera mukaika chinthu china pambali pake chimene chinatsogola: "When Malawi became independent in 1964, the Federation had already ended", poti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha pa 31 December 1963, ufulu n'kubwera pa 6 July chaka chotsatira. Mbali inayi, zinthu zimene zachitika mphindi zisanu zapitazo zikhoza kumufuna had: "When I got to the rank, the last taxi had gone." Nkhani si kutalika kwa nthawi. Nkhani ndi yakuti pali zinthu ziwiri zakale, ndipo mukufuna kuti womva adziwe chimene chinayamba.

Ambiri aife timavala had ngati suti ya Lamlungu, poganiza kuti chiganizo chikhala chaulemu. Ndaonapo mauthenga a pa WhatsApp amene abale athu amatumizira mabwana awo m'mawa: "Good morning madam, I had arrived." Madamu akawerenga amadikira, chifukwa kwa iwo chiganizocho sichinathe. Unali utafika, kenako chinachitika n'chiyani? Wabwereranso? Geti yakanika? Tamvani nokha m'Chichewa: "Mwadzuka bwanji madamu, ndinali nditafika." Inunso mungafunse kuti tsono pano uli kuti. Chofunika pamenepo chinali "I have arrived" kapena kungoti "I am here".

Ku tchalitchi kwathu ku Rosettenville, nthawi ya maumboni, had amavutika kwambiri. Mbale amaimirira, poti pali alendo a ku Zimbabwe ndi ku Congo amasankha Chingerezi, n'kuyamba: "I had come to Joburg in 2015. I had suffered. I had slept at Park Station. I had found a job." Umboni wabwino, misozi yeniyeni, koma womva Chingerezi amangodikira nkhani yeniyeni imene zonsezi zinatsogolera, ndipo siifika. Nkhani yoyenda molunjika, choyamba, chachiwiri, chachitatu, imafuna past simple yekha: I came, I suffered, I slept, I found. Had ndi wa pamene mwabwerera m'mbuyo kukatenga chimene munachisiya: "I found a job in a shop. The owner had worked in Lilongwe, so he trusted Malawians." Mwabwerera, mwatenga, pitirizani ulendo. Ngakhale olemba nkhani a Chingerezi, akabwerera m'mbuyo kwa ndime yathunthu, amaika had m'chiganizo choyamba kapena ziwiri, wowerenga akangodziwa pamene ali amamusiya.

Chifukwa chiyani timachita zimenezi? Ena amati ndi umbuli. Ine ndimati ndi mantha, ndipo manthawa tinachita kuphunzitsidwa. Tinakulira m'dziko limene mtsogoleri ankaima pamsonkhano wa kumudzi n'kulankhula Chingerezi, wina pambali n'kumamasulira, ngakhale kuti boma lake lomwelo ndi limene linakweza Chichewa kukhala chinenero cha dziko mu 1968. Sukulu imene anainyadira kwambiri, Kamuzu Academy ku Mtunthama, yotsegulidwa mu 1981, inkaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki. Mpaka lero ukalephera Chingerezi pa MSCE satifiketi sulandira, kaya masamu ndi sayansi wakhoza bwanji. Ndiye mwana amaphunzira kuti Chingerezi chabwino ndi cholemera, chokhala ndi mawu ataliatali ndi ma had ambirimbiri, kuti wochonga mayeso aone kuti tense yovuta ija akuidziwa. Akafika pa Joni amapeza mzungu weniweni akulankhula tiziganizo tifupitifupi, n'kumadabwa. Ndisaiwale: inu amene mumajambula mauthenga a anzanu olakwika n'kumawaika pa Facebook kuti anthu aseke, mukuwonjezera mantha omwewa. Munthu wosekedwa sachepetsa had, amawonjezera.

Chala cha agogo

Agogo anga aamuna anabwera kuno ndi Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za kumigodi, ndege ija isanagwe ku Francistown mu April 1974, ngozi imene inapha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwawo kuchokera kumigodi, Kamuzu n'kuletsa kutumiza anthu. Iwo had sanamufunepo. Mumgodi ankalankhula Fanakalo, chinenero chimene ntchito yake yaikulu inali kulamula: bwera, nyamula, kumba, fulumira. Atabwerera kumudzi ankatikalipira nacho tikachedwa kutsekera mbuzi, ife n'kumaseka. Pa kontirakiti ankadinda chala, zolembedwa pamwamba pa chalacho ankawerenga ndi ena. Ife adzukulu tabwera pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, tili ndi satifiketi m'chikwama, tikudziwa kulemba dzina lathu mokhotakhota mokongola. Koma ambiri tikusainabe zinthu zimene wayala ndi munthu wina, osaona kuti waika chiyani patsogolo ndi chiyani pambuyo.

Mnyamata wina wa ku Mangochi amene tinkakhala naye pa yadi imodzi ankagwira ntchito ya m'dimba cha ku Bryanston. Anadwala, anauza abwana ake pa foni Lachisanu madzulo, Lolemba sanapite, Lachiwiri anapeza pa geti pali munthu wina atavala ovolosi yake. Anamuitana Lachinayi kuti akambirane, n'kumuuza kuti ntchito yatha chifukwa chojomba. Tinakhala naye usiku pa kandulo tikulemba zoti akanene ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito limene linakhazikitsidwa ndi Labour Relations Act ya 1995. Iye ankafotokoza m'Chichewa chosakaniza ndi Chiyao, ine ndikulemba, ndipo ndinaona kuti mlandu wake wonse unagona pa ziganizo ziwiri. Choyamba: "I had told my employer that I was sick before I stayed at home." Chachiwiri: "When they called me to the meeting, they had already hired another man." Chachiwiricho ndiye chinali chakupha. Mukachotsa had already n'kunena "When they called me to the meeting, they hired another man", bwana aoneka ngati munthu wachilungamo amene anamva mbali zonse kaye asanalembe wina. Mukamubwezera had, msonkhano uja uoneka mmene unalili, mwambo chabe, chigamulo chitapangidwa kale. Ndinamuuza mnyamatayo kuti aloweze ziganizo ziwiri zokhazo, zina zonse akanene mmene angathere.

Poti ndafika pamenepa ndinene zimene ambiri sadziwa. Ku CCMA salipiritsa. Fomu yake ndi 7.11, ndipo pa fomu pomwepo pali malo opempha womasulira. Khoti la za ntchito la kuno linagamula mu 2008 kuti mlendo amene mapepala ake ogwirira ntchito sali bwino amakhalabe wantchito pamaso pa lamulo, akhoza kukadandaula akachotsedwa mopanda chilungamo. Koma kwathu timati mlandu suola, kuno umaola: muli ndi masiku 30 okha kuchokera tsiku limene mwachotsedwa, mukachedwa muyenera kupempha kaye kuti akukhululukireni kuchedwako, ndipo akhoza kukana. N'chimodzimodzi ndi affidavit, kalata yolumbira ya ku polisi, kaya ya foni yobedwa kaya ya pasipoti yotayika. Wina akakulemberani, werengani pang'onopang'ono, muzimasulira mumtima chiganizo chilichonse, muone ngati "ndinapeza atathyola loko" sanasanduke "nditafika anathyola loko". Kusiyana kwa ziwirizi ndi kwakuti pa chachiwiricho akufunsani kuti wakubayo anavala malaya amtundu wanji.

Zoti anthu a kuno ali ndi Chingerezi chawochawo, cha "just now" amene amatanthauza nthawi ina iliyonse kupatula pompano, ndi nkhani ya tsiku lina. Ndingonena kuti pa taxi, pa kagolosale ka spaza ndi pa yadi palibe amene angakufunseni had, ndipo musadzivute naye kumeneko. Mnzanu wa ku Limpopo mukamuuza kuti "I came, he is gone already" amva bwinobwino. Had amayamba kuluma zinthu zikafika pa pepala, pamene wowerenga sali pafupi kuti akufunseni kuti mukutanthauza chiyani. Adokotala a agogo anu sanali m'chipindamo. Anali ndi kabuku kokha.

Tsono nali yankho lanu, achemwali. Musanalembe, nenani chiganizocho m'Chichewa mumtima. Mukamva "anali atadya" kapena "ndinapeza atadya", lembani had ndi mneni wachitatu pa mndandanda uja wa eat, ate, eaten: "When the nurse came, Gogo had eaten." Mukamva "anali asanadye", lembani "Gogo had not eaten yet." Mukamva "ndinawapatsa", "anadya", "anagona" basi, popanda anali kutsogolo, had asalowemo: "I gave Gogo her tablets at 8." Mizere yambiri ya m'kabuku kanu ndi ya mtundu umenewu. Chenjerani ndi "nesi atafika" wa koyambirira kwa chiganizo, ameneyo ndi "when the nurse came" chabe. Had sasintha, kaya ndi I, she kapena they, ndipo "had went", "had ate", "had took" kulibe, ndi gone, eaten, taken.

Pa after ndi before mawuwo anena kale chimene chinayamba, ndiye "After she ate, she slept" ndi "After she had eaten, she slept" zonse n'zabwino. "By the time" ndiye amakonda kukoka had: "By the time the doctor phoned, she had fallen asleep." Agogo akakuuzani kuti amwa kale mankhwala inu osaona, lembani "She said she had taken her pills", zikutetezani tsiku lina. Mwana wawo akakulemberani "she'd eaten", ameneyo ndi had, koma "she'd eat" ndi would, muziyang'ana mneni wotsatira. "She had had tea" si chibwibwi, woyambayo ndi wothandizira, wachiwiriyo ndi kumwa kwenikweniko.

Mneni mmodzi yekha musalimbane naye, lie wa kugona uja. Wachitatu wake ndi lain, ndipo pa Joni pano sindinamvepo munthu, mzungu kapena wakuda, akunena kuti "she had lain down". Lembani "she was already in bed", adokotala amva.